Chaka Chimene Mango a Bambo Anamwa Tiyi

Ndinabadwira m'komboni ya pulazi ina, famu yaikulu ya mzungu, kufupi ndi Shamva, m'nyumba yachitatu kuchokera pa mpope, ndipo mpaka lero ndimagona m'nyumba yomweyo. Bambo anga anachoka ku Malawi ndevu zisanamere, anayenda pansi kudzera ku Tete, atafika kuno analembedwa ntchito m'munda wa zipatso. Kwawo sanabwererekonso. Ine sindinapondeko n'komwe, ndimangokudziwira pakamwa pa anthu. Anzathu Achishona akamati pa Khirisimasi akupita kumusha, ndiye kuti kumudzi kwawo, ife timangowaperekeza pokwerera basi n'kubwerera m'komboni, poti kumusha kwathu ndi komweko.

Mango onse a pa pulaziyo anamezanitsa ndi bambo, ndi kampeni kawo ka chigwiriro cha fupa. Mizere isanu ndi itatu, kuyambira kuseri kwa nyumba ya mzungu kutsikira kudambo, ndipo mtengo uliwonse ankaudziwa khalidwe lake. Koma pakhomo pathu panalibe mtengo ngakhale umodzi, ngakhale papaya amene. Ndili kamtsikana ndinakwirira njere ya mango kuseri kwa khitchini. Itamera, bambo anaizula ndi manja awo n'kuiponya kudzala, ine ndikuona. Ndinalira tsiku lonse. Anandiuza kuti munthu wa pa pulazi sabzala mtengo pakhomo, chifukwa mtengo umafuna zaka pamene kuchotsedwa ntchito kumafuna tsiku limodzi. Ukabzala, umabzalira amene adzalowe m'nyumbamo iwe utathamangitsidwa. Komboni yonse inkatsata lamulo limenelo. Tinkabzala mpiru, tomato ndi maungu, zinthu zoti ukhoza kuzisiya osatembenuka.

Mzungu atachoka, pulazi inagawidwa mapuloti. Ife tinatsala m'nyumba zathu, tikukhalira maricho, maganyu aja olimira ena. Chigawo chimene munali mango ndi mzere wathu wa nyumba chinagwera bambo wina wochokera ku Bindura, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Sindimunamizira, sanali munthu woipa. Koma mtima wake unali pa fodya, mango ankangowaona ngati tchire. Thirakitala yopopera inali itapita kalekale, mankhwala panalibe wogula, ndipo chaka ndi chaka mitengo inkagwidwa ndi nthenda imene ife timangoitcha phulusa.

Amene sanaione nthendayi angaganize kuti ndikukokomeza. Mango amachita maluwa nyengo yozizira ikamatha, mu Julayi ndi Ogasiti. Ukadzuka m'mawa wina umapeza ngala za maluwa zayera, ngati wina wawaza phulusa la pamoto. Pakatha sabata zimada, maluwa n'kuyoyoka, pamtengo n'kutsala timitengo touma. Chaka chimenecho mango iwalani. Bambo, amene maso anali atayamba kuchita khungu ndipo chifuwa chinkalira akamapuma, ankapita kukagwira ngalazo ndi zala.

Mwini puloti anabwera pakhomo pathu mu Juni, atagulitsa fodya wake. Anapereka moni mwaulemu, n'kuwatcha bambo sekuru, ndiye kuti agogo, anakhala pa mpando umene ndinamupatsa. Kenako ananena zimene anadzera. Nkhuni zowotchera fodya m'mabalani zinali zitavuta, ndipo iye anali ndi mitengo yosabereka ikungodya malo. Anali ataganiza zoidula. Ananenanso, maso ali pansi, kuti nyumba zathu zitatu adzazifuna, aikemo anyamata amphamvu ogwira fodya, poti nyumba ya pa pulazi imayendera limodzi ndi ntchito. Bambo anangoti inde bwana, monga anazolowera moyo wawo wonse.

Ine pakamwa panga sipanaphunzire inde bwana. Mayi anga ankati ndinabadwa ndi tsabola pa lilime, ndipo malemu amuna anga akanakhalapo akanavomereza. Ndinamufunsa munthuyo ngati ng'ombe ikadwala amaipha kapena amaipatsa mankhwala. Ndinamufunsa kuti mdala wosaona uyu ndimusenze ndipite naye kuti, ku Malawi kumene ngakhale manda a amayi ake sangawalozenso? Ndinayankhula zambiri, zina sindingazilembe. Iye anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anati:

"Mai, mankhwala sindigula. Ndikupatsani mpaka Okutobala. Mango akagwira, inu ndinu wosamala munda, ndipo nyumba ndi ya wosamala munda. Akapanda kugwira, ocheka mitengo abwera, nkhuni ziume fodya asanakhwime."

Ndinavomera ndi mtima wonse, m'manja mulibe kanthu. Atachoka ndinakhala pansi pomwepo pakhomo.

Amene anandipatsa nzeru ndi alamu anga, akazi a achimwene, anthu a ku Tete amene anakulira ku Macheke. Amagwira pa pulazi yolima sitiroberi ndi nsawawa zotumiza kunja, kumene ogula safuna zopopera mankhwala a m'sitolo. Nditawadandaulira pa foni, anati kwawoko phulusa amalitchinga ndi tiyi wa manyowa. Anati utenge kompositi, uike m'saka, uviike mu mgolo wa madzi, madziwo upopere maluwa nthenda isanafike. Anafuna kupitiriza, ine ndinawadula. Ndamva, alamu, ndamva. Za mgolo andiphunzitse ndani ine? Mayi anga anali ofulula mowa odziwika makomboni onse a kuno, ndipo ine ndinafulula nawo mpaka pamene ndinalowa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi. Ndinadziuza kuti chinthu cha mu mgolo ndi chimodzimodzi: umachithira chimera, umachivundikira, umachisiya chikhwime.

Panalinso china chimene chinandisocheretsa, ndipo aliyense wokulira pa pulazi achimvetsa. Ife tinakula tikudziwa kuti mankhwala a mbewu ndi chinthu choopsa. Ankakhala m'chipinda chokhoma ndi loko, m'zitini zojambulidwa chigaza, ndipo tsiku lopopera amayi ankatitsekera m'nyumba. Fungo lake linkafika mpaka m'madzi akumwa. Chifuwa cha bambo chinathera momwemo, koma iwo ankanyadira. Ankati mankhwala osanunkha, osaluma m'maso, si mankhwala. Choncho pamene ndinapita kudimba kwanga n'kuyang'ana mulu wanga wa kompositi, umene unali utagona zaka ziwiri, wakuda bii, wozizira, wosanunkha chilichonse, ndinaunyoza. Ndinati uwu ndi wofooka, watha mphamvu.

Ndinakatapa ndowe zaziwisi m'khola la mwini puloti. Ndinawonjeza zitosi za nkhuku kuti zilume bwino. Ndinathira chimera ndi shuga, ndinavundikira mgolo ndi pepala la pulasitiki, n'kumanga ndi mphira kuti mpweya usatuluke, ndipo ndinauika padzuwa masiku khumi. Mowa wa mayi unkatenga asanu ndi awiri, ine ndinawonjezapo atatu kuti phulusa lidziwe kuti lakumana ndi munthu.

Tsiku lomasula mgolo, amayi awiri oyandikana nane anathawa ndi mbale zawo. Fungo lake sindingalifotokoze pamaso pa anthu. Ntchentche zobiriwira zinabwera kuchokera sindikudziwa kuti. Bambo anatuluka ndi ndodo yawo, anasendera, ananunkhiza, anatsokomola mpaka misozi, kenako nkhope inawala. Anati eya, awa ndiye mankhwala. Mtima wanga unadzaza. Ndinathira zinthuzo mu pampu yakale ya kumsana osasungunula ndi madzi, ndipo ndinapopera mizere iwiri ya kumtunda, ya mango ofulumira, amene maluwa ake anali atangotseguka.

Patatha masiku awiri maluwa onse a mizere iwiriyo anali atapsa, akuda ngati awauka ndi moto wolusa. Masamba anthete anapotana. Ntchito imene phulusa limagwira sabata ziwiri, ine ndinaigwira masiku awiri, ndi manja anga, ndikuimba nyimbo. Mkazi wa mwini puloti anabwera atatseka mphuno ndi nsalu, n'kundiuza kuti ndisayerekeze kuyandikira mitengo isanu ndi umodzi yozungulira nyumba yawo, kumene adzukulu awo amasewera. M'mapuloti munayamba kuyenda mphekesera yoti mayi wa Chimalawi uja akuthira mankhwala a kwawo m'munda, poti anthu kuno amakhulupirira kuti ife tonse timagona ndi nyanga kumutu. Mwini puloti anayenda m'mizere iwiriyo manja ali kumbuyo. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti Okutobala, mai, n'kumapita.

Ndinachita manyazi oti sindinawaonepo. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira bambo, ndinakwiyira mgolo mpaka ndinaumenya theche n'kudzipweteka chala. Pamapeto panatsala ine ndekha woti ndimukwiyire. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lambiri. Ndinagwira nkhuku ziwiri, ndinagulitsa pa msewu, m'mawa mwake ndinakwera kombi ya ku Harare, kuchokera kumeneko ina ya ku Macheke.

Alamu nditawafotokozera zimene ndinaika mu mgolo, anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Anandifunsa ngati mangowo analedzera, ngati anavina, ngati anamenyana. Anaitana anzawo kuti adzaone mayi wa chigwirizano wofululira mitengo mowa. Ndi alamu, amaloledwa, ndinangoluma mano. Atatha kuseka ananditenga dzanja kupita nane kuseri kwa shedi, kumene kunali migolo yawo. Inali pamthunzi, yosavundikira, pamwamba pali kathovu koyera. Anandiuza kuti ndiweramire ndinunkhize. Ndinakonzeka kutseka mphuno, koma munkangomveka fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa.

"Alamu, uwu si poizoni," anatero. "Mu kompositi yakupsa muli tizamoyo tosaoneka ndi maso. Tikakhala pa duwa, phulusa likamabwera limapeza malo atatha. Inu munatitsekera mpweya, tonse tinafa, munapopera mitembo."

Anandisunga tsiku lonse, ndipo ulendo uno ndinafunsa mpaka anatopa nane. Kompositi ikhale yakupsa, yozizira ukapisamo dzanja, yosazindikirika kuti ichi chinali ndowe ichi chinali udzu. Madzi akhale a pachitsime kapena a kumtsinje, osati a m'tauni onunkha mankhwala. Mgolo ukhale pamthunzi, kukamwa kuli pululu. Uzivundula mwamphamvu m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ukadutsa pafupi vundulanso, kuti mpweya ulowe. Pakatha masiku atatu usefe, usungunule ndi madzi mpaka afanane ndi tiyi wa munthu woumira, upopere tsiku lomwelo m'mawa dzuwa lisanakwere. Pampu uitsuke kaye kangapo, poti ya pa pulazi imakhala itamwa zambiri. Uyambe maluwa asanatseguke, ubwereze sabata iliyonse, usadikire kuona nthenda. Ndipo mgolo ukanunkha, taya, usaumvere chisoni. Pa mawu otsirizawa anandiyang'ana m'maso, n'kuyambanso kuseka.

Ndinabwerera ndi funso limodzi lokha mumtima: kodi nthawi ilipobe? Amene anandiyankha ndi bambo. Ndinawapeza ali m'munda, akupapasa ngala zopserera zija. Anandiuza kuti ndizithyole zonse, ndisasiye ngakhale imodzi, chifukwa mtengo wa mango ukalandidwa maluwa kuzizira kusanathe umatulutsa ena. Anati mizere isanu ndi umodzi ya kumunsi ndi ya mango ochedwa, maso ake angotupa kumene, sanatseguke. Anandiuzanso kuti mitengo yathithikana kwambiri, ndidule nthambi za m'kati mphepo izidutsa. Zonsezi ankazidziwa zaka zonsezi, koma panalibe amene anawafunsapo chichokereni mzungu.

Za tiyi zokha ndi zimene anakana. Nditatapa kompositi ya kudimba ija, yomwe ndinainyoza, n'kuviika saka mu mgolo wotsuka bwino, anabwera kudzanunkhiza. Anakwinya nkhope, anati awa ndi madzi otsukira mbale, phulusa lidzangosamba. Ndinawauza kuti mankhwala awo onunkha tawaona kale ntchito yake. Tinakangana ndithu. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atakhala pa chitsa pafupi ndi mgolo, atagwira mthiko waukulu wa mayi wovundulira mowa, akuvundula. Anati sakukhulupirira, akungothandiza mwana wawo wopanda nzeru. Kuyambira tsiku limenelo mthiko sunachoke m'manja mwawo, ndipo wina akaugwira ankakalipa.

Posefa ndinavutika. Kamlomo ka pampu kankatsekeka pafupipafupi, ine n'kumakatokosa ndi minga, ndikutukwana chamumtima. Kenako ndinakumbukira khuntho la mayi, chosefera mowa cholukidwa ndi mlaza, limene linkapachikika kudenga chimwalirireni iwo. Ndinayamba kusefa kawiri, koyamba m'khuntho, kachiwiri m'duku yakale, ndipo pampu inasiya matenda ake. Mitengo inali itatalika kuposa kale, ndiye ndinamangirira paipi ya pampu ku nsungwi yaitali kuti ndifike kunsonga. Amayi awiri aja amene anathawa fungo anabwerera okha. Nyumba zawo zinali pamzere womwewo ndi yanga, nkhwangwa ikanagwa ikanatigwera tonse. Iwo ankatunga madzi kudambo, bambo ankavundula, ine ndinkasenza pampu. Tinapeza mgolo wachiwiri kuti wina ukamapsa wina tikupopera.

Tinachita zimenezi sabata zisanu ndi ziwiri. Malamba a pampu ananditupitsa mapewa, bondo langa lamanzere linkalira pa sitepe iliyonse ya makwerero, ndipo tiyi ankandigwera kumaso ndi m'khosi tsiku ndi tsiku. Koma sankaluma. Ndinkasamba n'kupita kumaricho ngati palibe chachitika, osatsokomola, osachita chizungulire. Anyamata a fodya ankatiseka podutsa, ankafunsa ngati mitengo imamwa tiyi ndi buledi kapena ndi mbatata. Ndinkawayankha kuti adikire Disembala, adzabwera kudzapempha mango ali ndi manyazi, ndipo ndidzawapatsa makoko.

M'mawa uliwonse ndinkayenda mizere yonse ndikutembenuza ngala imodziimodzi. Mizere iwiri ya kumtunda inatulutsadi maluwa ena, ochepa koma abwino, monga ananenera bambo. Ya kumunsi inatseguka yonse pamodzi, munda wonse unachita fungo lotsekemera. Kumapeto kwa Ogasiti phulusa linafika. Linayambira pa mitengo isanu ndi umodzi ija ya pa nyumba ya mwini puloti, imene anandiletsa kuiyandikira. Sabata imodzi yokha, yonse inayera. Ndinkaiona ndili patali, mtunda wake wongoponya mwala kuchokera pa mzere wanga woyamba, ndipo mphepo inkawomba kuchokera komweko.

Lachinayi lina ndinalipeza kwanga. Mitengo itatu ya m'mphepete inali ndi ngala zoyera. Ndinaima pamenepo manja ali lende. Ndisabise, ndinaganiza zosiya, ndinaganizanso zopita ku Shamva kukapempha mankhwala enieni kwa aliyense wondimvera chisoni. Ndinaimbira alamu. Anati tiyi sachiza chimene chadwala kale, amatchinga chimene chili bwino, ndiye ndithyole zodwalazo ndikazikwirire kutali, sabata imeneyo ndipopere kawiri. Ndinachita momwemo. Mitengo itatuyo inataya maluwa ambiri, umodzi unataya onse. Koma nthenda sinalowe m'kati mwa munda. Inkangonyambita m'mphepete, apa ndi apo, ine n'kumathyola.

Tsiku lina bambo anasiya kuvundula n'kutchera khutu kumunda. Anandifunsa kuti chikulira n'chiyani. Ndinati ndi njuchi ndi tintchentche ta pa maluwa, zadzaza mitengo yonse. Kenako anati m'zaka zonse zimene anapopera munda umenewu, nthawi ya maluwa kunkakhala zii, ndipo iwo ankayesa kuti munda wa mango umakhala choncho.

Mu Seputembala maluwa anayoyoka, monga amachitira ngakhale ali bwino, ndipo apa ndi pamene munthu umadziwa zoona. Pa ngala yodwala pamatsala kamtengo kouma. Pa ngala yamoyo pamatsala timango tating'ono ngati nandolo. Ndinawatsogolera bambo kumzere wachisanu, ndinakoka nthambi, ndinaika dzanja lawo pa ngala. Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono, zikuwerenga. Anapempha nthambi ina, kenako ina, kenako mtengo wina. Tinayenda mpaka kudambo. Sananene kuti tiyi wagwira ntchito, bambo anga sanali munthu wonena zotero. Anangondiuza kuti mgolo wa kumanzere ukufuna kompositi yatsopano, ndipo ndisachedwe nayo.

Ocheka mitengo anabwera sabata yachiwiri ya Okutobala, amuna awiri ndi makina awo a petulo, poti mwini puloti anali atapangana nawo kale. Iye anali asanatsikeko kumunda chipserereni maluwa aja, ankangoona mitengo ya pakhomo pake, imene inali timitengo tokhatokha, n'kumayesa kuti munda wonse uli choncho. Ndinamva makina akuyesedwa kumtunda ndili pa mgolo. Ndinavula epuloni, ndinamanga chitenje cholimba, ndinakwera mtunda bondo ndaliiwala. Komboni yonse inanditsata.

Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti asanadule ayende nane mpaka kudambo. Tinayamba ndi mitengo yake isanu ndi umodzi. Ndinaima pa uliwonse kuti aone bwino. Kenako tinalowa m'mizere yanga. Mango anali atafika ngati mazira a nkhuku, obiriwira, akulendewera pa ngala atatu atatu, anayi anayi, nthambi zina zitayamba kale kuwerama. Munthu uja anachepetsa liwiro. Anagwira limodzi, analitembenuza, anayang'ana m'mwamba. Ine ndinali kumbuyo kwake manja ali m'chiuno, mawu onse amene ndinawasunga miyezi inayi ali okonzeka pa lilime. Tinafika kudambo, tinabwerera ndi mzere wina.

Titafika pa migolo, pamene bambo anakhala ndi mthiko wawo, anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu, m'Chishona, kuti ndimuuze zoona zake za chimene ndimaika m'madzimo, iye sauza munthu. Apa ndiye ndinaseka ine, kuseka kwa alamu kuja. Ndinatulutsa saka mu mgolo, ndinalimasula, ndinamuthira kompositi m'manja. Ndinamuuza kuti nyanga ya ku Malawi ndi imeneyi: ndowe za ng'ombe zake zomwe, udzu wa m'dambo lake lomwe, ndi zaka ziwiri. Bambo anamupatsa mthiko, koyamba kuupereka kwa munthu, n'kumulamula kuti avundule. Mphunzitsi wamkulu uja anavundula, malaya oyera akuthimbirira, amayi a m'komboni akuliza nthungululu.

Atabweza mthiko ananjuta pamaso pa bambo n'kuwomba m'manja mwa Chishona, mofatsa, monga amachitira kwa akuluakulu a kwawo. Ocheka mitengo anawatumiza ku bulugama wa kumalire. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mai, munda ndi wanu kuusamala, inu ndi anzanu awiriwa. Nyumba zitatuzi musadzamvenso nkhani yake. Ndipo chaka chamawa muyambire mitengo ya pakhomo panga."

Ndinamufunsa ngati adzukulu ake asiya kusewera pamenepo. Mawu ena onse aja ndinawameza, ndipo anandikoma kumeza. Ndinapita kuseri kwa khitchini yathu kukalira pang'ono, poti sindinafune anyamata a fodya andione.

Mango a chaka chimenecho anapsa kuyambira pa Khirisimasi mpaka mu Febuluwale. Malole ankabwera kuchokera ku msika wa Mbare ku Harare, ndipo ana a m'komboni anayenda ndi milomo yachikasu miyezi iwiri. Anyamata a fodya anabweradi kudzapempha, ndipo ndinawapatsa mango enieni, nditawakumbutsa kaye za buledi ndi mbatata. Alamu ndinawatumizira dengu lodzaza pa kombi. Anayankha pa foni kuti mangowo akumveka kafungo ka chimera.

Koma tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri linafika mango asanapse, mvula yoyamba itagwa mu Novembala. M'mawa umenewo bambo anandituma kuti ndiwatulutsire kampeni kawo ka chigwiriro cha fupa, kamene kanali m'sutikesi zaka zambiri. Anakanola pa mwala nthawi yaitali. Kenako anati pa mulu wa kompositi pamera kamtengo ka mango, anakagunda ndi ndodo dzulo, ndikakazule ndi dothi lake, ndipo podutsa kumzere wachisanu ndidule kansonga ka mtengo wachitatu. Ndinabwera nazo ndikuyesa kuti akufuna kukabwezeretsa mtengo wina m'munda. Ndinawapeza ataima pabwalo pathu, akugogoda pansi ndi ndodo kutsogolo kwa khomo. Anati ndikumbe pamenepo.

Ndinawayang'ana. Ndinawakumbutsa kuti munthu wa pa pulazi sabzala mtengo pakhomo, ndi iwo amene anandiphunzitsa, ndipo ndinalira tsiku lonse. Anati ndisachulutse zonena ngati mayi anga, ndikumbe. Ndinatenga khasu. Amayi awiri aja anatuluka m'nyumba zawo, ena a mizere ina anabwera, anaima mozungulira, poti chiyambire komboni imeneyi palibe anaonapo dzenje la mtengo pakhomo pa munthu. Bambo anakhala pa chitsa akucheka kansonga kaja mopapasa, anadzicheka chala koma sanasiye. Nditakumba kufika m'bondo, anadzuka, anayeza ndi ndodo kuchokera pa dzenje kufika pa khoma la nyumba, n'kupukusa mutu.

"Fotsera, mwanawe, ukumbe cha uko. Apa payandikira. Pakatha zaka makumi awiri mizu idzating'ambira nyumba."